Kutsegula, kutumbula, kupatsirana: mawu athu ndi njira za Salmonella

Sendezani mpando kuno, tiyambire pa mawu amene mayi aliyense anawanenapo pamaso pa dokotala: "Mwanayu akutsegula m'mimba." Timawatchula mwachizolowezi ngati dzina la nthenda basi, koma tikawagoneka patebulo n'kuyamba kuwamasula, tipeza kuti mkati mwake muli chitseko. Muzu wake ndi -tsek-, womwe uja wa kutseka, ndipo ukatha muzuwo pamalowa kachidutswa -ul-, kamene ntchito yake m'Chichewa ndi kubweza chimene chinachitidwa. Wamata, mnzako amatula. Wayala mphasa madzulo, m'mawa uyalula. Wavundikira mphika, nthawi ya kudya uvundukula. Amene amati kutsekula anasunga muzu poonekera, amene amati kutsegula anafewetsa k kukhala g, ndipo onsewa amamvana pamsika umodzi popanda wodabwa mnzake. Ganizo limene lagona pansi pake ndi lakuti thupi la munthu wabwinobwino limakhala lotseka, limasunga zake, ndipo limatsegula pa nthawi yake yokha.

Onaninso kuti sitinena kutsegula mimba ayi, timati m'mimba, malo amkati amene diso silifikamo. Tikafuna kuloza wolakwa, mneniyu amalola chakudya kukhala mwininkhani: "Nyama ija yanditsegula m'mimba." Apa makolo anaona bwino, pakuti chotsegulacho chimalowadi ndi chakudya kapena madzi. Pophonya pathu ndi pa kamawu kakuti ija. Timaloza mbale yomaliza imene tadya, pamene kachirombo kamene ndikufuna tikambirane, ka Salmonella, kamatenga maola 6 mpaka 72 kasanadzionetse, kawirikawiri pakati pa maola 12 ndi 36. Munthu amada nyemba za masana ano, chonsecho mlandu ndi wa nkhuku ya dzana.

Mneni yemweyu amatikokeranso ku machiritso olakwika. Chotseguka chimafuna kutsekedwa, choncho timathamangira kugolosale kukagula "mankhwala otseka m'mimba", Flagyl kapena Bactrim mapiritsi awiri atatu, n'kusiya kumwa tikangoona kuti zaima. Koma kwa munthu wamkulu wathanzi, Salmonella wa m'matumbo amatha yekha m'masiku awiri mpaka asanu ndi awiri. Chimene chimagwetsa mwana ndi madzi ndi mchere zimene zikutuluka. Agogo akaona liwombo la khanda lalowa amati mwana wadwala liwombo, n'kufuna mankhwala opaka pamutu, pamene liwombolo likungonena kuti m'thupi mwauma. Mankhwala ake ndi kubwezera: bere lisasiyidwe, paketi ya Thanzi isungunulidwe, ndipo pamene palibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwana akayamba kufooka, kulephera kumwa, kapena chimbudzi chikaoneka ndi magazi, chimene timachitcha kamwazi posunga mawu akale aja akuti mwazi, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano tiyeni kuseri kwa khitchini, kumene kuli -ul- wina. Mlendo wafika, nkhuku yagwidwa, yazingidwa, yaviikidwa m'madzi otentha, yasosoledwa, yawaulidwa pamoto. Chotsatira ndi kutumbula, ndipo mneni ameneyu sabisa kumene anachokera: -tumb- wa matumbo, ndi -ul- wochotsa. Mpeni umang'amba pamimba, dzanja limalowa, nthutumba imapatulidwa kuti isungidwire mlendo, matumbo amafinyidwa n'kutsukidwa kuti apombedwe ku zipalapasiro. M'matumbo amenewo ndi mmene Salmonella amakhala, nkhukuyo osadwala n'komwe, monganso amakhalira m'matumbo a nkhumba, ng'ombe, abakha ngakhale abuluzi. Nkhuku ikapsa bwino mumphika, iye wafa. Wopulumuka ndi amene watsalira pampeni, pambale ndi m'zikhadabo, chifukwa mpeni womwewo, ataupukuta pachitenje, umapita kukadula tomato ndi anyezi wodya wosaphika. Pachiwaya cha m'mbali mwa msewu nkhani ndi yomweyi: tchipisi chatuluka m'mafuta owira, chilibe mlandu, koma kabichi wa pamwamba wadulidwa pathabwa pamene panagona nyama yaiwisi. Dzira nalo limatha kukhala naye mkati, atalowa chikamba chisanaumbike, n'chifukwa chake kumwa dzira laliwisi si mankhwala.

Dzina loti Salmonella lilibe muzu wa kwathu, koma kapangidwe kake sikatidabwitsa. Daniel Salmon anali dokotala wa ziweto ku America, ndipo mu 1885 wothandizira wake Theobald Smith anapeza kachiromboka m'nkhumba zodwala. Mu 1900 Joseph Lignières anakatcha dzina la mkulu wa ntchitoyo, n'kuwonjezera kumapeto -ella, kachidutswa ka Chilatini kochepetsa chinthu. M'Chichewa tikanati kaSalmon. Mawu akuti bakiteriya nawonso ndi ochepetsa: anachokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kandodo, chifukwa ndi mmene tizirombo tambiri totere timaonekera pagalasi loonera tinthu tating'ono. Mitundu ya Salmonella yodziwika ndi yoposa 2,500.

Koma mawu athu akuti kachirombo, amene ena amalemba kachilombo, ndimawaona olemera kuposa onsewa. Ali ndi aphatikiri awiri osanjikizana, ndipo pochulukitsa onse awiri amasintha limodzi: ka-chi- amasanduka ti-zi-. Pansi pake pali chirombo, mkango, fisi, kambuku, cha m'thengo chimene chikalowa m'mudzi anthu amakuwa. Zirombo ndi zomwenso zimatuluka kudambwe pa gule wamkulu. Madikishonale akale amaonjeza tanthauzo lina limene tayamba kuliiwala, lakuti chirombo ndi chilichonse chopanda ntchito ndi chowononga, mpaka udzu womera m'munda. M'maganizo a makolo, zamoyo zinali mbali ziwiri: uku nyama, yodyedwa, uko chirombo, chopewedwa. Amene anayamba kutchula tizirombo toyambitsa matenda anatenga mantha onse a chirombo n'kuwapanikiza mu ka- wamng'ono, ndipo anachita bwino kwambiri. Chovuta cha Salmonella n'chakuti amaphwanya malire akalewo, pakuti iye ndi chirombo chokhala mkati mwa nyama.

Apa mpamene ndimaona kuti chilankhulo chathu, ndi chuma chake chonse, chili ndi mpata. Tamvani mmene tinalemerera mawu a chakudya chowonongeka. Thobwa limasasa, ndiwo zimagaga, nsomba imavunda, zipatso zimaola, ufa umafumbwa, chimanga chimachita chuku. Liwu lililonse lili ndi mboni yake: lilime, mphuno kapena diso. Mayi amavundukula mphika wa dzulo, kununkhiza, kulawa pang'ono kunsonga kwa chipande, n'kugamula kuti zili bwino, ndipo pa kusasa ndi kugaga chigamulo chakecho sichiphonya. Koma Salmonella sasintha fungo, sasintha kakomedwe, sasintha maonekedwe. Chakudya chimene chili naye chimapambana mayeso onse atatu. Tilibe mneni mmodzi wonena za ndiwo zonunkhira bwino, zokoma bwino, koma zodwalitsa. Timachita kuzungulira ndi chiganizo chonse, ndipo chimene chilibe dzina lachidule chimavuta kuchenjeza nacho mwana.

Taonani mkute, umene abale athu ambiri ku Zambia amautcha chimbala. M'mawa timati, "Funditsa ndiwo zija." Kufunditsa kunachokera ku kufunda, kukhala pakati pa kuzizira ndi kutentha, ndipo -its- amangotanthauza kuchititsa kuti zitero. Mneniyu salonjeza kuwira. Tsoka lake, kufunda kumeneko ndi kumene kachiromboka kamakonda, pafupi ndi kutentha kwa thupi la munthu, ndipo kakapeza malo otero kamagawika pawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Kamafa chakudya chikatentha kufika madigiri 70 mpaka pakati penipeni. Tikanasintha liwu limodzi lokha pakhomo, n'kumati "wiritsa" m'malo moti "funditsa", tikanapewa zambiri, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene mphika wogona umakhala wofunda usiku wonse.

Mphuno ndi lilime zikalephera kupeza cholakwa, maganizo amathamangira kwa munthu, ndipo galamala imatithandiza kufikako msanga. Kudya, kudyetsa, kudyetsedwa: ukangoti "anadyetsedwa", wabweretsa kale dzanja la wina m'nkhaniyo, ngakhale sunamutchule. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa masese pamaliro. Mbiri imene inayamba kuwanda inali yakuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona, ngakhale kuti mayi wofulula mowawo anali mmodzi mwa omwalira. Kafukufuku atatha, zinapezeka kuti chiphe chinapangidwa ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene anamera mu ufa wa chimanga wofululira. Ameneyo si Salmonella, koma nkhaniyi imandikhudza chifukwa imasonyeza mmene kukayikirana kumathamangira patsogolo pa choonadi, n'kusiya mabanja akulozana zala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera mu 2015 kuti chaka chilichonse anthu 600 miliyoni amadwala ndi chakudya ndipo 420,000 amamwalira, 125,000 mwa iwo ana osafika zaka zisanu. Mu Africa mokha odwala ndi 91 miliyoni, omwalira 137,000. Pafupifupi onsewa palibe amene anawafunira zoipa.

Komabe dzanja la munthu lilipodi m'nkhaniyi, kungoti si dzanja la mdani. Liwu la zaumoyo lakuti matenda opatsirana linamangidwa pa kupatsa, mneni wa ufulu ndi chikondi. Kupatsa, kupatsira, kupatsirana: -ir- akuloza wolandira, -an- akunena kuti zikupita uku ndi uku. Ndi mneni amene tikanayembekezera kumumva pa nkhani ya moto kapena mchere pakati pa anansi, ndipo amene anamubwereka kuti anene za matenda ananena zoona kuposa mmene timaganizira. Nsima yafika pamphasa, beseni limodzi la madzi likuzungulira, akuluakulu ayamba kusamba, ana amalizira m'madzi amene asintha kale mtundu. Ulemu wake ndi wabwino ndipo sindikufuna kuti uthe. Chofunika kusintha ndi madzi okha, ndipo chilankhulo chili kale ndi yankho lopangidwa ndi zidutswa zomwezo: kuthirirana. Wina agwire jagi, wina asambe ndi sopo, madzi agwere pansi osabwereranso. Kumidzi kunabadwanso liwu latsopano, mpondagiya, kachigubu kopachika pafupi ndi chimbudzi kamene umapendeketsa poponda kamtengo ndi phazi, kuti dzanja losasamba lisagwire kanthu.

Ndatchula chimbudzi, ndipo apa tiyende pang'onopang'ono. Zotuluka m'ziweto timazitchula mosabisa: ndowe za ng'ombe, zitosi za nkhuku. Za munthu timazikulunga. Wapita kuthengo, wapambuka, akudzithandiza, ali kuseri. Ngakhale liwu loti chimbudzi limagwira ntchito ziwiri, kanyumba ndi zosiyidwamo, kuti liwu lenileni lisatuluke pakamwa pa munthu waulemu. Kupambuka kwenikweni ndi kuchoka panjira, ndipo mawuwa amatisiya tikuganiza kuti chimene chasiyidwa kumbaliko chathera pomwepo. Mvula ikagwa chimabwerera, kudzera m'ngalande, mumtsinje ndi m'chitsime chosatetezedwa. Mtundu umodzi wa Salmonella, wotchedwa Typhi, ulibe chiweto chilichonse chokhalamo. Umakhala mwa munthu yekha, ndipo njira yake yonse ndi yochokera m'chimene ulemu wathu sufuna kutchula kukafika pakamwa pa wina.

Pali liwu linanso limene Typhi amalizemba. M'Chichewa nthenda ndi imodzi, matenda ndi ambiri, tsinde lake -tenda, pamene n- wa kutsogolo wasandutsa t kukhala th. Koma matenda ndi munthunso: timati "tikukaona matenda", "matenda agona bwanji?" Nthenda ndi wodwala zinalowa m'liwu limodzi, ngati kuti palibe nthenda popanda munthu wogona pamphasa. Typhi amatha kutsalira m'ndulu ya munthu amene anachira kalekale, kapena amene sanadzimvepo kudwala, n'kumatuluka m'chimbudzi chake kwa zaka. Wodziwika kwambiri ndi Mary Mallon, mayi wochokera ku Ireland amene ankaphika m'nyumba za anthu olemera ku New York. Mu 1907 anazindikiridwa kuti mabanja amene ankawaphikira ankadwala motsatizana, iye ali bwinobwino. Sanavomereze kuti munthu wosadwala angadwalitse ena, ndipo anasungidwa kwa yekha pachilumba cha North Brother zaka pafupifupi 26 zonse pamodzi, mpaka imfa yake mu 1938. Ndikaganiza za kukana kwakeko sindimuona ngati wouma mutu chabe. Maganizo amene anali nawo ndi omwe ali m'liwu lathu la matenda.

Nthenda imene Typhi amayambitsa ndi taifodi, ndipo nthawi zambiri siyamba ndi kutsegula m'mimba. Ena amadzimbidwa kumene. Kachiromboka kamaboola khoma la matumbo n'kulowa m'magazi, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri munthu amayamba kutentha thupi, mutu kuwawa, kuphwanya m'thupi monse. Kwathu zimenezi zili ndi dzina kale: malungo. Liwu limeneli ndi lakale kuposa chidziwitso cha udzudzu. Muzu wake -lung- ndi wa kulumikiza, wapachibale ndi kulunzanitsa, ndipo m'Chiswahili kiungo ndi mfundo ya thupi, maungo ndi ziwalo. Malungo poyamba anali mfundo ndi ziwalo zimene zimaphwanya munthu akatentha thupi, kaya chayambitsa n'chiyani. Chipatala chitabwera, liwuli linapatsidwa kwa nthenda imodzi ya udzudzu, koma pakamwa pa anthu likadali lotambalala monga kale. Zotsatira zake, mwana wa taifodi amamwetsedwa mankhwala a malungo a LA, masiku n'kumapita, thupi osazizira. Sabata yachitatu matumbo amatha kubooka, ndipo pamenepo chotsala ndi opaleshoni. Azungu nawo anasokonezeka chimodzimodzi: dzina lakuti taifodi, limene Pierre Louis wa ku Paris anapereka mu 1829, limangotanthauza "yofanana ndi typhus", nthenda ina yosiyana, ndipo typhos m'Chigiriki ndi utsi kapena nkhungu, kunena kubalalika kwa mutu wa wodwala.

Ku Blantyre nkhaniyi inalembedwa ndi manambala, chifukwa pachipatala cha Queen Elizabeth, mogwirizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, magazi a odwala otentha thupi akhala akuyezedwa kuyambira mu 1998. Mpaka 2010 taifodi yotsimikizika inkapezeka mwa anthu pafupifupi 14 pachaka. Mu 2011 anakwana 67, ndipo mu 2014 anafika 782, ambiri ana ndi achinyamata. Chinasintha ndi kubwera kwa mtundu wa Typhi wotchedwa H58, wochokera kumwera kwa Asia, umene sumva mankhwala atatu akale: ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole, yemwe ndi Bactrim uja wa kugolosale. Pofika 2014, pa odwala 100 aliwonse, 97 anali ndi mtundu wosamvawu. Timati kachirombo "kosamva mankhwala" monga timanenera mwana wosamva, ndipo kusamvako kumalimbikitsidwa ndi mapiritsi omwedwa theka ndi omwedwa popanda chifukwa. Ofufuza atatsata ana odwala mumzindawu anapezanso kuti kuphikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje kunkawonjezera chiopsezo, ngakhale m'mabanja amene madzi akumwa ankatunga pampopi.

Mayeso a magazi omwewo anaonetsa chinthu china chowawa. Salmonella wamba, amene ku Ulaya amangodwalitsa m'mimba masiku ochepa, kuno ankapezeka m'magazi. Pakati pa 1998 ndi 2004 odwala otere ku Blantyre anali pafupifupi 5,000, ndipo mmodzi mwa anayi kapena asanu ankamwalira. Ambiri sankatsegula m'mimba n'komwe. Ankabwera ndi kutentha thupi, chifuwa, kapena kuchepa magazi. Anali ana amene angodwala malungo enieni, ana onyentchera, ndi akuluakulu amene chitetezo chawo chinagwa ndi HIV. Kumbukirani kuti m'zaka zomwezo liwu lakuti kachirombo linali litasanduka dzina la HIV yekha, moti ukati "ali ndi kachirombo" sufunsidwa kuti kati. Kumbuyo kwa kachirombo kotchukako kunali kena, kosatchulidwa pamaliro, kamene nthawi zambiri ndi kamene kankamalizitsa. Mtundu waukulu wa Salmonella wolowa m'magaziyu, Typhimurium ST313, unafotokozedwa mu 2009, ndipo umapezeka makamaka kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Liwu lotsiriza patebulo pathu ndi katemera. Kutema ndi kudula, kutemera ndi kudulira cholinga, ndipo kale sing'anga ankatemera mphini ndi lumo n'kupakamo mankhwala kuti munthu atetezeke. Achipatala atafika ndi njira yawo yoteteza nthomba, yomwe inalinso yokanda khungu la pamkono, anthu sanavutike kupeza dzina. Anangoika ka- kutsogolo kwa mneni amene ankamudziwa kale. Lero ndi jakisoni kapena madontho, koma dzina lidakali la lumo. Mu 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku woyamba mu Africa woyesa mphamvu ya katemera watsopano wa taifodi, ndipo jakisoni mmodzi anachepetsa nthendayi ndi pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, chitetezo n'kukhalabe patatha zaka zinayi. Mu Meyi 2023 Malawi anapereka katemerayu kwa ana mamiliyoni m'dziko lonse, kutsatira Liberia ndi Zimbabwe, ndipo tsopano mwana amamulandira kusikelo akakwana miyezi 9, limodzi ndi wa chikuku. Katemerayu ndi wa Typhi yekha. Salmonella wina uja wolowa m'magazi a ana ofooka alibe katemera wovomerezeka, ndipo kutsika kwake ku Blantyre kunabwera pamene ma ARV anafika kwa anthu ambiri ndi pamene malungo ndi kunyentchera kwa ana zinayamba kuchepa.